Njinga ya polo ya mkazi wamfupi: yambani ndi dzanja lamanzere

Funso la sabata ino lachokera kwa mchemwali wathu wina wa ku London, ndipo ndalidulako pang'ono:

"Zikomo achemwali. Ndine mayi wa zaka 31. Miyezi iwiri yapitayi mnzanga wa kuntchito ananditengera kukaonera polo ya panjinga pabwalo lina la simenti, ndipo ndinakopeka nayo moti pano Lachitatu lililonse sindijomba. Vuto ndi lakuti ndine wamfupi, masentimita 157 basi, pomwe njinga imene amandibwereka ndi ya bambo wina wamtali. Ndikasewera magemu awiri dzanja lamanzere limachita dzanzi, buleki sindiifikira bwino, phazi limangokhalira kuponda pansi, ndipo chishalo chimandipweteka pamalo osatchula. Kunyumba ndili ndi njinga yakale ya m'mapiri, yachitsulo, ya magiya 21, mawilo a mainchi 26, felemu ya mainchi 14. Kushopu ina andiuza kuti ndigule njinga ya azimayi. Anzanga akufuna tikalowe mpikisano wa akazi chaka chamawa. Ndigule yatsopano, kapena yakaleyi ingakonzeke?"

Mtima pansi, achemwali, ndipo ndalama zanu zikhale kaye m'thumba. Madandaulo anayi amene mwatchulawa ndawamva kambirimbiri kwa akazi ongoyamba kumene, ndipo nthawi zambiri gwero lake limakhala limodzi: mukusewerera njinga yoyezedwa pa thupi la munthu wina. Thupi lanu lilibe mlandu. Njinga yakale imene yangokhala kunyumbayo ndi imene ambiri a ife tinayambira, ndipo felemu ya mainchi 14 kwa munthu wa msinkhu wanu ili pafupi kwambiri ndi yoyenera. Kaimeni nayo pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Ngati pakati pa mtanda wa njinga ndi thupi lanu pakutsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, felemuyo ndi yanu, zotsalazo ndi za sipanala.

Kuti mumvetse chifukwa chake tizichotsa izi n'kusintha izo, taonani kaye zimene masewerawa amafuna kwa njinga. Polo ya panjinga ndi yakale ndithu. Anaiyambitsa Richard Mecredy ku Ireland mu 1891, pa udzu, ndipo mu 1908 inaonetsedwa pa masewera a Olympics mumzinda wanu womwewo wa London. Koma imene mukusewera inuyo, ya pabwalo lolimba, inabadwira ku Seattle, ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pakati pa anthu operekera makalata ndi katundu panjinga, ndipo mpikisano wake woyamba wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Philadelphia, ku America komweko, mu 2009. Anthu atatu mbali iyi, atatu mbali iyo, pabwalo la mamita pafupifupi 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. Pamalo ochepa chonchi palibe amene amathamanga mtunda wautali. Ntchito yonse ndi kunyamuka mwadzidzidzi, kuima mwadzidzidzi, kukhota pamalo amodzi, ndi kukhala panjinga yoima osaponda pansi, chifukwa ukaponda uyenera kukagunda kaye ndodo yomenyera mpira pakhoma la pakati pa bwalo usanabwerere m'gemu. Zonsezi mukuzichita dzanja lamanja lili kalikiliki ndi ndodo. Ndiye kuti chiwongolero, buleki ndi gawo la kulemera kwanu zatsamira pa dzanja limodzi lamanzere. Mukasunga mfundo imeneyi, zina zonse zimene ndinene zizimveka zokha.

Za njinga ya azimayi ija, ndinene mosabisa mawu kuti wakushopuyo mwina sanaonepo polo. Masewerawa amuna ndi akazi amasewera pamodzi, ndipo ngakhale mipikisano ya akazi, monga Ladies Army imene inayambira ku Vancouver, ku Canada, mu 2009, kapena Hell's Belles ya ku London komweko, bwalo, mpira ndi malamulo a njinga zimakhala zomwezo. Njinga yopanda mtanda imene kwathu timati ya amayi anaipangira kukwera mosavuta utavala chitenje kapena siketi. Imakhala yaitali, yolemera, ndipo imanjenjemera ukaikhotetsa mwamphamvu. Zina zimene amagulitsa m'dzina la akazi kusiyana kwake ndi penti ndi chishalo basi. Chimene chimasiyanadi pakati pa inu ndi bambo wokubwerekaniyo ndi kutalika kwa zala, mikono ndi miyendo, kukula kwa mapewa, ndi mmene mafupa okhalira atalikirana. Zonsezi zimayezeka ndi tepi, ndipo zimakonzeka chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi buleki, poti m'pamene pagona nkhani. Njinga zogulitsidwa ku Britain zimabwera buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja, yakumbuyo kumanzere. Pamsewu zilibe vuto. Pa polo ndiye kuti buleki yamphamvu ili kudzanja limene lagwira ndodo, ndipo inu mwatsala ndi yakumbuyo, imene imangokwekwereza tayala pasimenti njinga n'kumapitabe. Sinthanitsani makebulo kuti liva yakumanzere, chofinyira buleki chija, izigwira wilo lakutsogolo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa makaniko, ndipo nthawi zina imangofuna kebulo yatsopano. Ngati ndinu wamanzere, polo ya panjinga siikuletsani, mungosiya makebulowo mmene alili. Osewera ambiri odziwa amachotseratu buleki yakumbuyo, koma inu musafulumire kutero ngati mumapalasa njingayo kupita kubwalo, chifukwa lamulo la ku Britain limafuna kuti njinga ya munthu wamkulu yoyenda pamsewu ikhale ndi mabuleki awiri oima paokha, kutsogolo ndi kumbuyo. Isiyeni yakumbuyoyo kudzanja lamanja, izigwira ntchito pamsewu. Palinso ma liva okoka mabuleki onse awiri nthawi imodzi. Ena amawakonda, ine ndinawasiya chifukwa amalimba kufinya, ndipo kwa munthu wa zala zazifupi kulimbako ndi kumene tikuthawa.

Tsono liva yeniyeniyo. Yang'anitsitsani pafupi ndi pomwe imapindikira, mupezapo kasikuluwu kakang'ono kwambiri, kawirikawiri ka aleni kiyi wa mamilimita 2. Anthu ambiri amakalamba ndi njinga osadziwa ntchito yake. Mukakalowetsa m'kati, liva imasendera kufupi ndi handulo. Kalowetseni mpaka mfundo yoyamba ya chala chanu chamkombaphala izikola nsonga ya liva popanda kutambasula chikhatho. Mukatero buleki imayamba kukhuza limu, ndiye mumasuleko kebulo pang'ono. Kenaka masulani liva yonse muisunthire m'kati, chakupakati pa handulo, kuti chala chimodzi kapena ziwiri zokha zizigwira kunsonga kwake, kumene kuli mphamvu, zala zotsalazo zigwire handulo. Ipendekeninso kuti mukakhala pachishalo, mkono, dzanja ndi chala zikhale mzere umodzi, dzanja lisathyokere m'mwamba. Dzanzi limene mukumvalo nthawi zambiri limabwera chifukwa dzanja lapindika chonchi kwinaku likunyamula thupi, misempha ya m'chikhatho n'kupanikizika. Mphira zogwirira pa handulo nazo zisakhale zonenepa. Zambiri zimakhala mamilimita 30 kapena kuposa kukula kwake, ndipo zilipo zowondako zopangira manja ang'ono. Chogwirira chonenepa chimaoneka ngati chofewa, koma dzanja laling'ono limatopa nacho msanga poti silichizinga.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, chifukwa chinandionekera ine. Tsiku limene ndinasinthanitsa makebulo anga, ndinalowa m'gemu osayeserera. Mpira utandidutsa ndinafinya kumanzere ndi mphamvu zonse monga ndinazolowera, ndipo ndinangozindikira ndili chadodolido, njinga ili pamsana panga, anzanga akufunsa ngati mano onse alipo. Buleki yakutsogolo imaluma, ndipo munthu wopepuka imamunyamula mosavuta. Pitani nokha pabwalo musanasewere. Yendani pang'onopang'ono, finyani mowonjezera pang'onopang'ono, matako mukuwakankhira kumbuyo kwa chishalo, chigongono chitapindika pang'ono. Bwerezani mpaka dzanja lidziwe pomwe wilo lakumbuyo limayamba kunyamuka. Ndipo aliyense wobwereka njinga yanu muzimuuza kuti mabuleki ndi osinthanitsa.

Mudzamva anzanu akutama buleki ya disiki. Ndi yabwinodi, makamaka ku London kumene bwalo limakhala lonyowa miyezi yambiri, koma imafuna foloko ndi wilo zake, komanso chotchinga kuti mbale yakeyo isacheke munthu kapena kupindika ndi mpira. Buleki yanu yofinya limu, monga ya V ija, mukaiika timphira tatsopano, kebulo yatsopano, ndi kupukuta limu, idzakutumikirani chaka chonse choyamba. Pamvula kumbukirani kuti imachedwa kaye kugwira mpaka madzi atachoka pa limu.

Chachiwiri chothandiza dzanja lomwelo ndi kufupikitsa mtunda wochokera pachishalo kukafika pa handulo. Njinga zakale za m'mapiri zinkabwera ndi sitemu yaitali, khosi lija logwira handulo, mamilimita 110 kapena 120. Munthu wamfupi amachita kugona chafufumimba kuti aifikire, kulemera konse n'kupita m'chikhatho. Pezani ya mamilimita 50 mpaka 70, yodzukako pang'ono. Pogula tengani yakaleyo m'manja, chifukwa pali mitundu iwiri ya kamangidwe ku foloko, ndipo pakamwa pogwira handulo pamakhala pa mamilimita 25.4 kapena 31.8. Mukakonza bwino, muzitha kuchotsa dzanja lamanja pa handulo osamva kuti mukugwera kutsogolo.

Kutalika kwa handulo ndi nkhani imene osewera amakangana mpaka usiku. Kale tinkadula zazifupi kwambiri kuti zisakole ndodo ndi anzathu, kenaka anthu anabwerera ku zazitali ataona kuti dzanja limodzi limawongolera bwino likakhala kutali ndi pakati. Ine ndinadulapo yanga mopitirira, n'kukagula ina mawa lake, paja chitsulo chodula sichimeranso. Inu musadule kaye. Sunthirani zogwirira ndi ma liva m'kati kuti pakati pa manja pakhale masentimita 58 kapena 60, sewerani masabata awiri, sunthaninso, mpaka mupeze pomwe mapewa akumasuka. Pamenepo ndiye itanani sowo. Mukadula, tsekani mabowo a kunsonga ndi zotsekera zolimba. Pa mpikisano amayendera njinga, ndipo ya handulo yotseguka saloleza, chifukwa paipi yotero ikagunda ntchafu kapena mimba imaboola ngati chodulira madonasi.

Tibwere ku giya, kumene kuli yankho la phazi loponda pansi lija. Munthu amaponda pansi kawirikawiri osati chifukwa chosadziwa kupalasa, koma chifukwa njinga yaima, akufuna kunyamuka, pedulo n'kukana kutsika. Polo imafuna giya imodzi yopepuka. Werengani mano a sipuloketi yakutsogolo, gawani ndi mano a yakumbuyo, yankho likhale pakati pa 1.5 ndi 1.8. Mwachitsanzo 34 kutsogolo ndi 20 kumbuyo zimapereka 1.7, ndipo pa wilo la mainchi 26, limene limayenda mamita pafupifupi 2 likazungulira kamodzi, ndiye kuti kutchova kamodzi kukusunthani mamita 3.4. Njinga wamba za pamsewu, ngati za kabaza zija, zimadutsa mamita 5. N'chifukwa chake njinga ya polo ukaikwera pamsewu umaoneka ngati ukupalasa mphepo, koma pabwalo imadumpha ukangoikhudza.

Mwayi wanu ndi wakuti giya imeneyi mwina ilimo kale mwa 21 anuwo. Njinga zambiri zotere kutsogolo zimakhala ndi mano 24, 34 ndi 42, kapena 28, 38 ndi 48, ndipo kumbuyo zimayambira 14 mpaka 28, pakati pali 20, 22 ndi 24. Ikani tcheni pa sipuloketi yapakati kutsogolo, yesani 34 ndi 20 kapena 22, kapena 38 ndi 24, sewerani osakhudza chosinthira. Kwa wongoyamba wa miyendo yaifupi ndimakonda kuyambira chakumunsi, cha ku 1.55 kapena 1.6. Mukapeza imene mwagwirizana nayo, pamenepo ndiye muchotse zosinthira zonse, chifukwa cholendewera chakumbuyo chija sichikhalitsa pakati pa ndodo ndi mpira, ndipo chikapindikira mu masipoko chimawononga wilo lonse. Apa ndi pomwe ndimati pitani kwa makaniko. Sipuloketi imodzi yakumbuyo iyenera kuyang'anana ndendende ndi yakutsogolo, apo ayi tcheni chizigwa pakati pa gemu, ndipo pa mawilo ena kuti ziyang'anane pamafunika kusuntha habu, chitsulo cha pakati pa wilo, ndi kukunganso masipoko. Aonenso mipata imene wilo lakumbuyo limalowamo. Ikakhala yopingasa, tcheni chimakungika pokokera wilo kumbuyo. Ikakhala yoimirira, pafunika kachipangizo kokungira tcheni kapena mfundo ya theka. Wina akakuuzani kuti polo yeniyeni ndi ya fixed, njinga imene mapedulo sasiya kuzungulira, mungomumwetulira. Anthu anayambiradi kumeneko, koma ambiri lero ali pa fuliwilo, imene imakulolani kuimitsa mapedulo pomwe mukufuna pomenya mpira ndi pokhota.

Mikono ya mapedulo imabwera ya mamilimita 170 kapena 175, muyezo wa munthu wamtali, ndipo nambala yake yalembedwa kuseri kwa mkono, pafupi ndi bowo la pedulo. Kwa inu 165 kapena 160 ingathandize mbali zitatu: bondo silikwera kwambiri, pedulo siikhula pansi pokhota, ndipo nsonga ya nsapato siigunda wilo lakutsogolo mukakhotetsa handulo kwambiri, vuto lodziwika pa mafelemu aang'ono. Sichofulumira, koma mukaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito pamtengo wabwino, itengeni. Mapedulo yambani ndi afulati otakata, okhala ndi timano togwira nsapato. Omangirira nsapato aja, monga a SPD, osewera ambiri amawagwiritsa ntchito chifukwa amathandiza kudumphitsa njinga, koma dikirani mpaka mutasiya kuganiza za mapazi. Mukadzawayamba, masulani sipuling'i yake mpaka kumapeto.

Za chishalo tikambirane ngati akazi okhaokha. Ululu wa pamalo obisika suyenera kupiriridwa, ndipo si mtengo umene mkazi amalipira kuti akwere njinga. Thupi liyenera kukhazikika pa mafupa awiri okhalira, osati pa mnofu wofewa wa kutsogolo. Akazi ambiri mafupa amenewa amatalikirana kuposa a amuna, ndiye pachishalo chopyapyala cha bambo uja mafupa anu akulendewera m'mbali, kulemera n'kugwera pakati. Onjezerani kugona chafufumimba kofikira handulo kuja, mwapeza gwero la ululu wanu. Dziyezeni motere: ikani katoni ya malata-malata ija pa sitepe kapena pampando wolimba, khalanipo mutaweramira kutsogolo pang'ono, dzukani, mupeza timaenje tiwiri. Yezani kuchokera pakati pa kena kufika pakati pa kanzake, onjezerani masentimita 2, ndiye kukula kwa chishalo chanu. Zambiri zimagulitsidwa pa mamilimita 143, 155 ndi 168. Sankhani cha mphuno yaifupi, chokhala ndi mpata kapena ngalande pakati. Chachikulu cha siponji ngati sofa chija chisiyeni, chifukwa mafupa amamira m'menemo, siponji n'kutukumukira pomwe simukufuna, komanso chimakola ntchafu mukamasendera kumbuyo pogwira buleki. Chiikeni chopingasa bwinobwino, kapena mphuno yoweramira pansi pang'ono chabe. Mukachiweramitsa kwambiri muzitsetserekera kutsogolo, dzanja lamanzere n'kuyambanso kulira.

Kutalika kwake: khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekeka. Pa polo ambiri timatsitsako sentimita imodzi kuchokera pamenepo kuti thupi lizitha kuyendayenda pamwamba pa njinga. Musatsitse mpaka mapazi onse kufika pansi muli chikhalire, ngakhale mantha akukuuzani choncho, mawondo adzakuimbani mlandu. Kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi kansalu kofewa m'kati amathandiza, ndipo amavalidwa wopanda china m'kati mwake, chifukwa msoko wa kabudula wam'kati ndi umene umanyula khungu m'mphechepeche. Mukamaliza kusewera musakhalitse naye wonyowa.

Zotsalazi n'zachangu. Ngati foloko yanu ili ya sipuling'i, ichotseni muike yolimba yachitsulo yofanana nayo kutalika, poti ya sipuling'i imamira mukagwira buleki ndipo imalemera. Matayala a zibuluzi a m'matope aja amaterereka pasimenti, pezani osalala a 26 x 1.5 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo bwalo likanyowa phwetsaniko pang'ono lakutsogolo. Keliyala, madigadi, sitandi, belu, choikamo botolo, zonse zichoke, kapena zikhale zochotseka mukafika kubwalo. Timikono tomasulira mawilo mwachangu timakola ndodo za anzanu n'kutseguka, ndiye ikani zomanga ndi aleni kiyi.

Mawilo anu mwina ali ndi masipoko 32 kapena 36. Osewera a mipikisano amakonda 36 kapena 48 kuti mpira usadutse ndiponso wilo lisapindike msanga. Inu musagule mawilo, pangani zotchinga. Pemphani chikwangwani chakale cha pulasitiki, chonga zimene ogulitsa nyumba amakhoma panja zija, dulani chozungulira cholowa m'kati mwa limu, boolani pakati polowa habu, chekani mzere umodzi kuchokera pakati kufika m'mphepete kuti chithe kukhala ngati chipewa, mangirirani ku masipoko ndi tizingwe tapulasitiki, osaiwala kabowo kopopera. Chimateteza masipoko, chimatseka golo mukakhala goloboyi, ndipo m'pamene anthu amajambulapo zamtima wawo. Kuipa kwake ndi mphepo. Tsiku la chimphepo chotchinga chakutsogolo chimakoka handulo ngati thanga la bwato, ndipo wopepuka thupi amachimva kwambiri, makamaka pamsewu basi ikamadutsa. Mukaona kuti chikukuvutani, chichotseni popita kubwalo.

Simunafunse za ndodo, koma ndikuganiza kuti nayonso ndi yobwereka. Ndodo yaitali ndi yolemera imakukokerani kumanja, dzanja lamanzere n'kumalimbana kuti njinga isakhote, ndiye mwina gawo lina la dzanzi lanu likuchokera komweko. Oyambitsa polo ya pabwalo lolimba ankapanga ndodo ndi mitengo ya aluminiyamu yoseweretsa pa chipale chofewa, kumutu n'kumangako chidutswa cha paipi yolimba ya pulasitiki, ndipo mpaka pano kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni, kungoti tsopano zilipo zogula zopepuka. Zambiri zimakhala pafupifupi mita imodzi. Kuti mupeze yanu, khalani panjinga mutatsamira khoma, gwirani ndodo kunsonga, mutu wake ukhale pansi pambali pa wilo lakutsogolo. Phewa likakwera, yatalika. Mukachita kuwerama kuti ifike pansi, yafupika. Dulani sentimita imodzi imodzi, ndipo kumbukirani kuti ndodo yomweyo ndiyo mwendo wanu wachitatu mukaima pagolo, ndiye isafupike mpaka kulephera kuitsamira. Nayonso itsekeni kunsonga.

Helemeti ndi lamulo pa mipikisano, ndipo ine sindilola munthu kulowa m'bwalo wopanda, ngakhale pongoseweretsa. Mpira wake ndi wa hockey ya pamsewu, wolimba, ndipo kukazizira umauma ngati mwala, n'chifukwa chake ambiri amaika chotchinga nkhope chawaya. Magulovesi a masewera a lacrosse kapena a hockey amateteza zala, koma yesani a ana kapena ang'ono kwambiri, chifukwa gulovesi yaikulu imabweza vuto lonse la liva limene takonza lija. Valani gulovesiyo poyeza liva. Zoteteza mawondo ndi misongolo mudzazikonda tsiku limene timano ta pedulo tidzakupezeni.

Pali zina zimene sipanala singachize. Dzanzi la m'dzanja likamatha pakangopita mphindi zochepa mutatsika, ndi la kakhalidwe panjinga, ndipo liyenera kuchepa mukasintha zimene tanenazi. Likamagona mpaka m'mawa, kapena zala zikayamba kufooka moti kumanga batani kukuvuta, siyani kusewera mukaonane ndi dokotala wanu. Chimodzimodzinso kutupa, chotupa, zilonda kapena dzanzi losatha pamalo obisika, komanso kuwawa pokodza. Musachite manyazi, madokotala amaziona kawirikawiri kwa opalasa njinga. Mukagwa n'kutchinjiriza ndi chikhatho, ndiye pakumapweteka patsinde pa chala chachikulu, kajambulitseni ngakhale pasanatupe, chifukwa pali kafupa kena pamenepo kamene kamathyoka mwakachetechete, nthawi zina osaoneka pa chithunzi choyamba, ndipo kakachedwa kuthandizidwa kamavuta kulumikizana. Mukagunda mutu n'kumva chizungulire, nseru, kapena kuiwala zimene zachitika, gemu yathera pomwepo, ngakhale timu yanu ikutsala ndi chigoli chimodzi. Imbani 111, nambala ya zaumoyo ya ku Britain, kapena pitani kuchipatala, ndipo helemetiyo itayeni. Ku mbali ya njinga, musanaike ndalama iliyonse, makaniko ayang'ane felemu ndi foloko ngati zili ndi ming'alu kapena dzimbiri lodya m'kati, makamaka molumikizira ndi kumunsi kwa khosi. Foloko yothyoka pogwira buleki yakutsogolo imagwetsa munthu chankhope.

Lachitatu likubwerali, tengani njinga yanuyo mmene ilili. Sinthanitsani makebulo, sendezani liva, vulani keliyala ndi madigadi, tsekani handulo, ikani tcheni pa 34 ndi 22 kapena 38 ndi 24, ndipo fikani msanga kuti muyeserere buleki bwalo lisanadzaze. Mukatero funsani anzanu ngati wina ali ndi sitemu yaifupi kapena chishalo chimene anachisiya, poti wosewera polo aliyense ali ndi katoni ya zitsulo pansi pa bedi imene akufuna kuichepetsa. Mukasewera magemu awiri aja, mundilembere kuti dzanja likumva bwanji, ndipo munditumizirenso nambala imene mwapeza pa katoni yokhalira ija.